Funsani Azakhali: sinowo wagwa mu Meyi, nanga tomato wanga ndi juzi yanga?

Makalata a mwezi uno abale onse akungonunkha kuzizira. Ndinkaganiza kuti tikamba za kuwokera mbande ndi kuchapa makatani poti dzuwa linali litabwerera, koma ayi ndithu, sinowo wagwanso mochedwa m'madera angapo ndipo aliyense akulira chake. Ineyo musandione ngati katswiri wosalakwa, majekete onse ndinali nditalongedza kale m'katoni nkukweza pamwamba pa wadiropu, ndiye m'mawa wake ndinatuluka kukaona dimba nditavala gauni yogonera ndi nsapato za malume anu. Tiyeni tiyambe.

*Azakhali, ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Calgary. Sabata ziwiri zapitazo kunatentha bwino mpaka ana amasewera panja opanda juzi ndiye ndinawokera tomato 12, tsabola ndi nkhaka zomwe ndinafesa ndekha pawindo kuyambira mu Malichi. Nsawawa, anyezi, ndiwo zamasamba zija amati kale, ndi mbatatesi zinali kale m'nthaka. Dzulo sinowo wakwirira zonse. Ndizule ndiyambirenso? Mtima ukundipweteka.*

Pepani mwanawe, ndikudziwa mmene zimawawira, mbande zofesa wekha zili ngati ana omwe. Koma musazule kanthu lero, olo mawa. Ndipo chinthu choyamba chomwe anthu ambiri sachikhulupirira ndi ichi, sinowo amene wakwirira mbewu zanuyo si mdani wamkulu. Sinowo wongogwa kumene amakhala ndi mpweya wambiri mkati mwake, nchifukwa chake masentimita 10 a sinowo ukawasungunula umangopeza madzi okwana mwina sentimita imodzi, ndiye mpweya umenewo umagwira ntchito ngati bulangete, kutentha kwa nthaka sikuthawa. Pansi pake pamakhala pafupi ndi 0 olo pamwamba kutazizira kuposa pamenepo.

Choopsa ndi usiku wotsatira. Mitambo ikachoka, mphepo nkuleka, nyenyezi zonse zili ngwee kumwamba, pamenepo ndi pomwe nthaka imataya kutentha kwake konse ndipo chisanu chimalowa m'masamba chakum'bandakucha. Madzi a mkati mwa tsamba amaundana nkuphwanya timinofu take, dzuwa likatuluka mumangoona tsamba lafota lada ngati mwalithira madzi otentha. Ndiye ngati sinowo wasungunuka masana ano ndipo foni yanu ikuonetsa kuti usiku kufika madigiri 2 kapena kutsika, fundikani. Inde ndati 2, osadikira kuti ilembe 0, chifukwa amayeza kutentha pamtunda wa mita imodzi ndi theka kapena awiri kuchokera pansi, pomwe pali tomato wanu pamakhala pozizira kuposa apo, makamaka ngati dimba lili potsetsereka chakumunsi, mpweya wozizira ndi wolemera umakadikha kumeneko ngati madzi.

Zofundikira musavutike kugula ngati misewu sikuyendeka. Mashiti akale, matawulo, makatoni, ndowa zovundikira, miphika ya maluwa yopanda kanthu, zonsezi zimagwira. Zikani timitengo kuti nsalu isatsamire pa masamba, ifike mpaka pansi, mupsinje ndi miyala m'mbali. Pulasitiki yekha yokhudza masamba ayi, chisanu chimadutsa pomwe yakhudzapo. Fundikani dzuwa lisanalowe nthaka ikadali ndi kafungo ka kutentha, m'mawa kukafunda vundukulani, mukaiwala ndowa padzuwa mupeza tomato wanu waphikika, zinandichitikira. Nsalu yopyapyala yoyera ija amagulitsa m'mashopu a zamaluwa imangowonjezera madigiri awiri kapena atatu basi, si mankhwala a chilichonse.

Tsopano za mbewu zanu imodzi imodzi. Nsawawa, anyezi ndi kale musazidandaule, zimenezo zimapirira chisanu chapang'ono, kale ndiye amachita kutsekemera akazizidwa. Mbatatesi nsonga zake zida nkugwa koma mbatata ili pansi, iphukanso pakatha sabata ziwiri kapena zitatu, inu ingoundirani dothi. Tomato, tsabola ndi nkhaka ndiye sizipirira, kwawo ndi kotentha, zimafa pa 0 ndipo zimayamba kunyentchera kale usiku ukamatsika pansi pa 10. Dikirani masiku atatu kapena anayi. Tomato amene tsinde lake likadali lobiriwira ndi lolimba mukalifinya, musiyeni, aphukira m'mphanda mwa masamba. Amene tsinde lafewa lili tepetepe mpaka pansi wapita. Nkhaka ndikuuzirenitu, sindikuziyembekezera, koma zimamera msanga, fesani zina lero lomwe m'makapu mupezabe nthawi. Ndipo ulendo uno musanaziwokere muzizitulutsa panja masana nkuzilowetsa usiku kwa masiku 7 mpaka 10 kuti zizolowere, mbande yochoka pawindo molunjika kupita m'dimba imadwala olo kusakhale sinowo.

Chaka chamawa funsani maneba okalamba tsiku lomwe iwo amawokera tomato, muona kuti m'dera lanu ambiri amadikira mpaka kumapeto kwa Meyi kapena kulowa mu Juni, osati chifukwa cha ulesi.

*Azakhali zikomo chifukwa cha tsamba lanu. Ine ndine bambo wa ku Leeds. Kodi zimenezi nzachilendo? Anzanga kuntchito akuti dziko latha.*

Silinathe bambo, kapitilizeni ntchito. Pafupi ndi inu pomwepo ku Buxton, pa 2 Juni 1975, masewera a cricket a pakati pa Derbyshire ndi Lancashire anaimitsidwa chifukwa cha sinowo, mu Juni ndithu. Ku America nako pa 9 Meyi 1977 anagwa wambiri m'chigawo cha Massachusetts mitengo ili ndi masamba kale, nthambi zinathyokera pa mawaya anthu nkukhala opanda magetsi. Alimi a ku Germany ndi France akhala akudziwa izi kwa zaka mazanamazana, masiku a 11, 12 ndi 13 Meyi amawatchula kuti a oyera mtima a chisanu, Mamertus, Pancras ndi Servatius, Ajeremani amawonjezeranso wa pa 15 yemwe amati Sophie wozizira, ndipo agogo awo sankatulutsa mbewu zosapirira masiku amenewa asanadutse. Chimachitika nchakuti kumpoto kwenikweni kwa dziko mpweya umakhala ukadali wozizira kwambiri nyengo imeneyi, mphepo ikangotembenuka nkuwomba kuchokera kumeneko basi kwazizira. Chomwe chasintha nchoti kukumafunda msanga ndiye mitengo ikumaphuka msanga, chisanu chikabwera chikumaipeza ili ndi maluwa. Ndi zomwe zinachitikira alimi a mphesa ku France mu Epulo 2021, kumapeto kwa Malichi kunatentha, kenako chisanu, anthu kuchezera usiku wonse akuyatsa makandulo akuluakulu m'mizere ya mphesa koma ambiri anataya zokolola.

*Azakhali ndithandizeni ndisanamukwiyire munthu. Ndinaluka juzi ya ubweya wa nkhosa miyezi itatu yathunthu, ya amuna anga. Poti kunatentha anaiponya m'makina ochapira limodzi ndi majinzi kuti akaisunge, madzi otentha, kenako mu dryer, makina oumitsira zovala aja. Dzulo sinowo wagwa akuti aivale, yatuluka ikukwana mwana wathu wa zaka 6 ndipo yalimba ngati kapeti. Ingabwerere? Ndine wosweka mtima wa ku Oslo.*

Achemwali, kkkk pepani ndaseka kaye koma ndikulira nanu. Yankho lachidule ndi loti ayi, sibwerera. Ubweya wa nkhosa ukauona pa makina okuza zinthu uli ndi timamba ngati ta nsomba. Pakakumana zinthu zitatu, madzi otentha, sopo ndi kupekesa, timamba timeneti timatseguka nkukolana, ndipo tikakolana takolana, sitimasuka. Majinzi aja ndiye anathandiza kupekesa bwinobwino. Ikanakhala kuti yangobwerera pang'ono masitichi akuonekabe limodzi limodzi, mukanaiviika m'madzi ofunda pang'ono othira mafuta ofewetsera tsitsi aja timapaka tikachapa m'mutu, kwa theka la ola, nkuiyala pa tawulo nkumaikoka pang'onopang'ono, imabwezako masentimita angapo. Koma mwati yalimba ngati kapeti, apo ndiye zatha.

Osaitaya koma. Nsalu yokolana chonchi simasuka ukaidula ndi sizasi, komanso mphepo siidutsa. Ikani dzanja lanu pamwamba pake, jambulani mozungulira ndi choko kusiya sentimita imodzi, dulani, sokani, mwapeza magolovesi otentha kuposa ogula. Manja a juziyo apangeni zovala kumiyendo za mwana, zotsala dulani zoika mkati mwa nsapato kapena zogwirira mphika. Kapena ingompatsani mwanayo avale, bola siyikumuyabwa.

Komanso tisawanamizire onse bambowo, anaganiza bwino kuti chovala chisasungidwe chakuda, njira yake ndi imene analakwitsa. Njenjete zimakonda ubweya womwe uli ndi thukuta ndi madontho a chakudya, ndipo si gulugufe wake amene amadya ayi, ndi timphutsi take. Ndiye majuzi otsalawo kukafundanso muwachape pamanja, madzi osapitirira madigiri 30, ochapira ndi otsukuluzira akhale ofanana kutentha, osatikita, osapotokola pofinya, kulungani m'tawulo mupondeponde madzi atuluke kenako muyanike chogoneka pamalo athyathyathya. Mukapachika pachingwe imatalika mapewa nkutuluka nyanga. Ikauma gwaa ikani m'thumba lotseka bwino. Mukaona timabowo kale, thumba lonselo lilowe mufiriji yoziziritsa kwambiri ija, pa -18, sabata yathunthu. Ndipo juzi imodzi izitsala panja mpaka Juni, taphunzira tonse.

Mukawakhululukira nkufuna kuwalukira ina, gulani ulusi wolembedwa kuti superwash, timamba take anatisalaza ku fakitale ndiye umapirira makina, ngakhale mu dryer musauikebe. Kapena muwaphunzitse kuluka, akaluka dzanja limodzi lokha la juzi sadzaiponyanso m'makina osafunsa.

*Ine funso langa ndi la mtengo wa maapozi, Azakhali. Unali mbuu ndi maluwa, pano nthambi zaweramira pansi ndi kulemera kwa sinowo, ina yang'aluka. Ndigwedeze? Chaka chino tidya maapozi? Agogo a ku Denver.*

Agogo, sinowo wa nyengo ino ndi wamadzimadzi, amamata komanso amalemera kuposa wouma uja wa mu Januwale, ndipo mtengo wokhala ndi masamba ndi maluwa umamugwira wambiri. Tengani tsache, muzikankha nthambi mofatsa kuchokera pansi kukweza m'mwamba kuti ayoyoke, kuyambira nthambi za m'munsi. Osamenya kuchokera pamwamba, mukhala mukuwonjezera katundu. Ngati waundana kukhala ayezi musiyeni asungunuke yekha, nthambi yozizidwa imathyoka ngati bisiketi. Osaima pansi pa nthambi yaikulu, ndipo ngati pali waya wamagetsi pafupi osayandikira nkomwe, itanani eni ake. Yong'alukayo idulidwe bwino ndi sowo pafupi ndi pomwe yachokera, osapaka penti, mtengo umapola wokha.

Za maapozi yesani izi pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Thyolani maluwa khumi m'malo osiyanasiyana, muwang'ambe pakati ndi lezala. Kamtima ka pakati kakakhala kobiriwira ndi lamoyo, kakada kapena kuchita bulauni lafa olo kunja likuoneka lokongola. Maluwa a apozi otseguka amayamba kufa kukafika cha m'ma -2 kwa theka la ola, limodzi pa khumi alionse, pa -4 ndiye amatsala ochepa kwambiri. Koma mtengo sufuna maluwa onse, limodzi pa maluwa khumi likagwira mumakololabe zokwanira, ndipo sikuti onse amatseguka tsiku limodzi. Mwina mudya ochepa koma akuluakulu. Mchere wosungunulira sinowo panjira usamafike kumizu yake chonde, olo kumabedi a maluwa, umawotcha.

*Azakhali magetsi anazima kuyambira madzulo mpaka m'mawa, m'nyumba munazizira koopsa, ndili ndi khanda. Mlamu wanga anati tilowetse chowotchera nyama cha makala pabalaza tiziwotha, ine ndinakana mpaka tinakangana, akuti ndine wamwano. Ndinalakwa? Ndine wa ku Toronto.*

Simunalakwe ngakhale pang'ono, ndipo alamu anuwo muwawerengere yankho ili mokweza. Makala oyaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa. Umalowa m'magazi nkutenga malo a mpweya wabwino, munthu amayamba mutu, chizungulire, mseru, tulo, amaganiza kuti watopa kapena ndi chimfine nkugona, osadzukanso. Khanda limayamba ndilo. Nyumba za kumaiko ozizira anazimanga zosalowa mphepo, ndiye kutsegula windo pang'ono sikukwanira. Chimodzimodzi jenereta, ikhale panja mamita 6 kapena kuposa kutali ndi mawindo, osati m'galaja, uvuni wa gasi nawonso si wowothera. Gulani kachipangizo ka mabatire komwe kamalira kakamva mpweya umenewu ngati mulibe, komanso sinowo akagwa wambiri muzikaona ngati sanatseke paipi ya kunja yotulutsira utsi wa boiler, makina otenthetsera nyumba aja.

Zikadzachitikanso sonkhanani nonse m'chipinda chimodzi chaching'ono, tsekani chitseko, tawulo pansi pake, makatani otseka, zovala zingapo zopyapyala zosanjikiza zimafunditsa kuposa chimodzi chokhuthala. Khanda likhale pathupi panu inu muli maso, pogona ligone pamalo pake litavala zokwanira, nkhope yosafundidwa, osaliunjikira mabulangete. Firiji musamaitsegule, yotseka imasunga chakudya maola 4, yoziziritsa kwambiri ikakhala yodzadza imafika maola 48. Zokangana ndi alamu zimatha.

*Azakhali ndinayamba kuluka sikafu tsiku la sinowo poti ana sanapite kusukulu ndipo ndinalibe kolowera. Mavuto atatu, ikupindika m'mbali ngati paipi, pali bowo pakati, ulusi wandithera ndipo womwe ndagula mtundu womwewo ukuoneka wosiyana pang'ono. Ndimasule yonse? Ndine wongoyamba wa ku Dublin.*

Inunso ngati mayi a tomato aja, dzanja lili kale pa kuzula. Dikirani. Kupindikako si kulakwitsa kwanu, mukamaluka mzere umodzi knit (sitichi ya kutsogolo) wina purl (ya kumbuyo), mbali yosalala ija ya timaV, nsaluyo imapindika basi, ndi chibadwa chake chifukwa masitichi a kutsogolo ndi a kumbuyo sakoka mofanana, kusita sikuthandiza kwenikweni. Oluka akale amaika masitichi anayi kapena asanu a m'mbali zonse kukhala knit mizere yonse kuti pagone. Yanuyi poti mwafika nayo patali isiyeni ipindike, kumapeto musoke m'mbali zikumane ikhale yapawiri, imatentha kwambiri ndipo aliyense aganiza kuti munachita dala.

Bowo liyang'aneni bwino. Ngati pansi pake pali timizere topingasa ngati makwerero ndiye kuti sitichi inagwa, ipezeni pansi pa makwereropo, ilowetseni pa kangowe ka crochet, muzikoka kamzere kamodzi kamodzi kudutsa mkati mwake mpaka mufike pa singano, mphindi zisanu zatha. Ngati ndi kabowo kozungulira kokha ndipo masitichi anu achuluka ndi imodzi, ulusi unakulungika pa singano mwangozi, lukani awiri pamodzi mzere wotsatira, bowolo mudzalisoke kumbuyo. Muziwerenga masitichi pakatha mizere ingapo, ine mpaka pano ndimawerenga.

Za mtundu, pa pepala lokulunga ulusi pamakhala manambala awiri, ya mtundu ndi ya mphika womwe anaunyikamo. Mphika ukasiyana mtundu umasiyananso pang'ono. Ngati wakale watsalako, lukani mizere iwiri ndi wakale iwiri ndi watsopano mosinthanasinthana kwa masentimita angapo, diso silionanso polumikizira. Ngati watheratu ikani mzere wa mtundu wina wosiyaniratu pakati. Ulendo wina gulani wokwanira kamodzi, kuwonjezera mpira umodzi wapadera, ndipo mukadzayamba juzi muyambe mwaluka kachigamba ka masentimita 10 mbali zonse, mukachape, muwerenge masitichi ngati akufanana ndi a pa patani. Aliyense amadana nako kachigamba kameneka, inenso, koma ndili ndi juzi ina m'kabati yomwe manja ake amafika m'mawondo.

*Mbande zanga sindingazitulutse, zatalika pawindo zaonda zikugwera mbali imodzi, ndiye mphaka wagonapo pa thireyi imodzi. Nditani? Mnyamata wa ku Glasgow.*

Zikusaka kuwala mwanawe, ndipo hita ili pansi pa windoyo ikuzithamangitsa kukula. Zisamutsireni pawindo lowala kwambiri m'chipinda chozizirirako, muzitembenuza thireyi tsiku lililonse, kumbuyo kwake imikani katoni yokutira ndi pepala lonyezimira lija la kukhitchini kuti kuwala kubwerere, chepetsani madzi, fetereza ayi. Usiku zichotseni kuseri kwa katani, pakati pa galasi ndi katani pamazizira ngati panja. Muzizisisita pamwamba ndi dzanja kangapo patsiku, tsinde limalimba. Ngati ndi tomato mwapulumuka, muikeni mu mphika wautali mukwirire tsinde mpaka pa masamba oyamba, amatulutsa mizu tsinde lonselo. Zomwe mphaka wagonerazo, zongopindika zidzuka pofika mawa, zothyoka fesaninso. Mphakayo amafuna malo ofunda a pawindo omwewo, muikireni katoni yake pambali ndi kansalu, ndikanakhala pafupi ndi achemwali a ku Oslo aja ndikanakupempherani chidutswa cha juzi.